Triumph 650 ya 1970: ndikuchotsa mapointi, taimingi ndiigwira bwanji?

Wa_ku_Mpondasi

Moni akuluakulu nonse. Pano pali njinga yamoto ya Triumph TR6 ya 650cc, ya 1970, ya kabuleta imodzi ya Amal 930. Injini ndi yabwinobwino: kompuresheni ilipo mbali zonse ziwiri, mavavu ali pa 0.05 mm olowetsa ndi 0.10 mm otulutsa injini ikakhala yozizira, mapulagi ndi NGK B8ES atsopano. Chatha ndi cha ku mapointi, tizitsulo totseka n'kutsegula magetsi kuti pulagi ithetheke. Kachitsulo ka advance, kofulumizitsa moto injini ikathamanga, kokhala kuseri kwa mapointi kadyeka, masipuling'i ake afooka, kamu yake ikusewera ukaigwedeza ndi chala. Gap uitchere pa 0.38 mm m'mawa, pofika madzulo silinda imodzi ikuyaka mofulumira ina mochedwa.

Ndapeza kiti ya Boyer Bransden Micro-MKIV, yoyatsa moto pa mapulagi m'malo mwa mapointi. M'katimo muli bokosi lakuda la mawaya asanu, puleti yozungulira yokhala ndi tikoyilo tiwiri, rotor ya maginito awiri, ndi mabawuti awiri ofanana kutalika koma osiyana mazinga. Sindinaike kalikonse.

Ndithandizeni apa. Makoyilo amene alipo ndi a Lucas a 12V awiri, kodi ndiwasiye kapena agulidwe ena? Chachiwiri, buku likuti moto uyake pa madigiri 38 pisitoni isanafike pamwamba, nanga madigiri amenewo ndiwapeza bwanji molondola, ndipo zingatheke popanda strobe, nyale yothwanima younikira taimingi injini ikulira? Kuno ku boma la Mangochi strobe ndi yosowa, mwina kwa amakaniko a magalimoto. Chachitatu, anyamata a pa siteji akuti ndingotenga CDI, kabokosi koyatsa moto ka njinga za kabaza, ndi yotchipa ndipo ikapsa ina ili pa shopu pomwepo. Njingayi imayenda kwambiri msewu wa ku Monkey Bay, nthawi zina kukwera ku Namwera.

Mkulu_wa_Mawaya

Achimwene, musanamasule ngakhale bawuti imodzi, yang'anani batire. Triumph za zaka zimenezo ndi za positive earth. Mbali ya + ndi imene imapita ku fulemu, ndipo waya wofiira paliponse pa njingayo ndi earth, si wa moto ayi. Kutembenuza anadzatembenuza mu 1979. Ife kuno manja athu anazolowera ma Honda, ma Yamaha ndi za kabaza, kumene wofiira ndiye wa moto, ndipo chizolowezi chomwecho ndi chimene chimawotcha mabokosi tsiku loyamba. Komanso njinga ya zaka zoposa 50 yadutsa m'manja ambiri, mwina wina anaisintha kale. Tsatirani waya wochoka pa batire ndi maso anu, muone ndi mbali iti yamangidwa ku fulemu.

Makoyilo a 12V achoke. Kitiyi imayatsa mapulagi onse awiri nthawi imodzi. Pa injini imeneyi mapisitoni amakwera limodzi n'kutsika limodzi, ina ikakhala pa kompuresheni inzake ikutulutsa utsi, ndiye moto wa mbali yotulutsa utsiyo umangopita pachabe, suwononga kanthu. Kuti zimenezi zitheke makoyilo amalumikizidwa motsatizana, magetsi a batire n'kugawana pakati. N'chifukwa chake pamafunika awiri a 6V. Koyilo ya 6V imawerenga pafupifupi 2 ohms, awiri pamodzi pafupifupi 4, ndipo bokosilo limasangalala pamenepo. Mukatsatiza a 12V anuwo zifika 7 kapena 8 ohms, koyilo iliyonse ilandira theka la magetsi amene inapangidwira. Njinga idzalira ndithu pa silo, mudzaona ngati zatheka, koma mukadzatsegula mafuta pokwera chitunda cha Chowe, pamene kompuresheni yakwera ndipo moto ukuvutika kudumpha pa pulagi, idzayamba kuduladula. Mukawamanga mbali ndi mbali monga analili pa mapointi, zitsika pansi pa 2 ohms ndipo bokosi litentha. Njira ina yabwino ndi koyilo imodzi ya 12V ya mawaya awiri a pulagi, yowerenga pakati pa 3 ndi 4.5 ohms. Koyilo za njinga za CDI zodzadza m'mashopuzi musaziyandikize, zambiri sizifika n'komwe 1 ohm.

Mukamamanga makoyilo a Lucas, chomangira chake musachilimbitse kwambiri. Chikopa chake ndi aluminiyamu wopyapyala, chikaphwanyika chimakhudza mawaya a m'kati. Koyilo yotero imagwira ikakhala yozizira, ikatentha imazimitsa njinga, mungavutike nayo mwezi wonse mukukayikira bokosi.

Mawaya, ngati ili positive earth, akhale motere. Woyera wa pa bokosi upite pa waya woyera wochoka ku swichi ya kiyi, umene umabweretsa −12V mukatsegula. Wakuda upite pa − ya koyilo yoyamba. Kawaya kafupi kachoke pa + ya koyilo yoyamba kupita pa − ya yachiwiri. Pa + ya yachiwiri pakumane wofiira wa pa bokosi ndi waya wina wofiira wopita ku earth. Otsala awiri, wakuda wa mzere woyera ndi wakuda wa mzere wachikasu, apite ku puleti, mtundu ndi mtundu wake. Mawaya akale a mapointi ali ndi mitundu yomweyo ndipo mutha kuwagwiritsa ntchito, bola muwachotse pa makoyilo ndi pa makondensa. Makondensa ali pansi pa thanki, ntchito yawo yatha, amasuleni. Awiri a ku puletiwa mukawasinthanitsa bokosi silipsa, koma taimingi imachedwa kwambiri: njinga imakana kulira, kapena imalira mopanda mphamvu kwinaku ikuwomba mu ekizozi.

Earth ndi pamene ndikufuna muchedwepo. Kuno ku nyanja dzimbiri limalowa pansi pa bawuti iliyonse, ndipo kudalira fulemu yokha n'kudzinamiza. Kokani waya wofiira wonenepako, 2 mm² kapena kuposa, kuchoka pa + ya batire mpaka pa + ya koyilo yachiwiri, ndi wina kuchoka pa + ya batire mpaka pa injini penipeni, pa bawuti ya pa mutu wa injini. Moto wa pa pulagi umabwerera kudzera mu injini, njira imeneyo ikakhala yadzimbiri umafuna kodzera kwina, ngakhale mu waya wa kalachi. Palani ndi sandipepa mpaka chitsulo chiwale, mangani, kenaka pakani girisi pamwamba kuti chinyontho chisalowe.

Bokosilo limangirireni pa fulemu pansi pa thanki kapena pansi pa mpando, pa kachidutswa ka labala wa chubu, poti mphepo idzilipeza. Musalikulunge m'siponji. Mu October ndi November kuno kumapitirira madigiri 35, palinso kutentha kwa injini, lisiyeni lipume.

Che_Sipanala

Za mawaya akulu anena zonse. Ine ndilowe pa taimingi, chifukwa bokosilo silidziwa pamene pali pisitoni. Limangokhulupirira pamene mwaika rotor. Mukalakwitsa pamenepo lidzalakwitsa mokhulupirika ulendo uliwonse, mbali zonse ziwiri mofanana.

Kuchotsa zakale: tsegulani kachivundikiro kozungulira ka kumanja, masulani mabawuti awiri ataliatali ogwira puleti ya mapointi, muwasunge chifukwa agwiranso puleti yatsopano. Masulani bawuti ya pakati. Kachitsulo ka advance kamakhala pa taper, bowo lomka nilichepa, kumapeto kwa camshaft ya ekizozi. Pakamwa pake pali mazinga a bawuti yokulirapo ya 5/16, mukailowetsa imakakankha n'kuchoka. Ikasowa, lowetsani kachitsulo kowongoka m'bowomo, mugogode pang'onopang'ono m'mbali, uku ndi uku, mpaka katayike. Osatokosa ndi sikuludiraiva kuseri kwake, pali oil seal pamenepo. Seal imeneyo muione bwino. Ngati m'chipindamo muli oyilo, isintheni tsopano lino zonse zili poyera.

Tsopano madigiri 38. Chotsani mapulagi onse, ikani njinga pa sitandi ya pakati, giya yomaliza, muzizunguza injini ndi tayala la kumbuyo. Pali njira zitatu, ndipo musadalire imodzi yokha.

Kuseri kwa masilinda, pamwamba pa crankcase, pali kabawuti kotsekera bowo. Pansi pake pamadutsa flywheel, ndipo pa injini za zaka zimenezi ili ndi timipata tiwiri, kena ka pa 38 kena ka pamwamba penipeni. Mukamazunguza tayala chakutsogolo mapisitoni akukwera, kachitsulo kolowetsa m'bowomo kamayamba kugwera m'kampata ka 38, kachiwiri ndiko ka pamwamba. Anthu amasokoneza timipata timeneti, choncho suzumirani pa bowo la pulagi: pa 38 pisitoni imakhala isanafike pamwamba ndi pafupifupi 10.5 mm. Kachitsulo kameneko ndi kolozera chabe, osamasulira nako manati, kakathyokera m'katimo ndiye kugawa injini.

Kumanzere, pa chivundikiro cha primary, chipinda cha tcheni yopita ku kalachi, pali kapuleti ka masikuluwu atatu. Mukakachotsa muona rotor ya alternator ili ndi mzere, ndi kachitsulo kolozera kotuluka pa chivundikiro. Flywheel ili pa 38, mzere ndi kolozera ziyenera kuyang'anana. Zikapanda kuyang'anana musakhulupirire mzerewo. Ma rotor akale a Lucas amamasuka pakati, chitsulo cha m'kati n'kumasewera padera ndi maginito a kunja, ndipo ena anaikidwa ochokera ku njinga ina. Gwirani rotor ndi dzanja muipotoze uku ndi uku. Ikasewera ngakhale pang'ono ndi yoti ichoke, si nkhani ya taimingi yokha, imatha kuphulika n'kudya stator, makoyilo oizungulira.

Njira yotsimikiza zonse ndi ya chimbale cha madigiri. Sindikizani bwalo la madigiri 360, matani pa katoni yolimba, mangani pa nati ya rotor, pindani kawaya kolozera. Tengani pulagi yakale, swani choyera chija, lowetsani bawuti yotulukira pansi, mutu wake mutaukwecha kuti ukhale wosalala. Ikani pa bowo la pulagi. Zunguzani mosamala kwambiri mpaka pisitoni igunde, lembani nambala. Bwererani chambuyo mpaka igundenso mbali inayo, lembaninso. Pakati pa manambala awiriwo ndipo pamwamba penipeni. Mukamva kulimba musanayembekezere, imani, mwina ndi vavu yakhudza bawutiyo. Mukapeza pamwamba, chotsani pulagi ija, bwererani kufika cha pa 50, kenaka mubwere chakutsogolo mpaka pa 38. Kubwera chakutsogoloku n'kofunika. Magiya oyendetsa camshaft ali ndi kampata pakati pa mano, ndipo kampatako kayenera kukhala mbali imene kamakhala injini ikamalira. Pamenepo lembani mzere wanu pa rotor ndi penti yoyera, wowonda, moyang'anana ndi kolozera.

Kuyeza 10.5 mm ndi kamtengo pa bowo la pulagi kumangothandiza kudziwa kampata. Bowolo ndi lopendekeka, ndipo pamalo amenewo theka la milimita ndi digiri yathunthu.

Injini ili pa 38, osaigwedezanso. Pukutani taper ya camshaft ndi petulo, iume, pasakhale oyilo. Pa mabawuti awiri aja, ina ndi ya mazinga a 1/4 BSF ina ya mazinga a 1/4 UNF. Ya 1970 iyenera kulandira UNF, komabe yesani ndi zala, yoyenera imalowa yokha osakakamiza. Onetsetsaninso kuti siikufika pansi pa bowo isanagwire rotor ya mu kiti ija. Ikatero mumamva ngati mwalimbitsa koma rotor ili lende, ndipo idzaterereka panjira. Idulidwe pang'ono ngati ndi yaitali.

Ikani rotor osalimbitsa. Ikani puleti, mabawuti ake akhale pakati pa timipata tosunthira, kuti mudzakhale ndi kopita mbali zonse. Pa puletiyo pali timabowo tiwiri toyang'anira, kena ka injini zimene rotor imazungulira monga mivi ya wotchi, kena ka zozungulira mobwerera monga Norton Commando. Triumph ndi ya monga wotchi. Zunguzani rotor yokha mpaka mutu wa kasikuluwu kogwira maginito uoneke pakati penipeni pa kabowo kameneko, kenaka limbitsani. Rotor ilibe kiyi, imangodalira taper, ndipo polimbitsa imakonda kutsatira sipanala. Mukatha suzumiraninso. Zunguzani injini ndi tayala kawiri katatu, mumve ngati maginito sakukhula kuseri kwa puleti kapena pa tikoyilo.

Apa njinga ilira. Koma ku funso lanu, ayi, popanda strobe simunamalize. Kutchera kwa m'kabowo kumangokufikitsani pafupi, madigiri awiri atatu mutha kuphonya osadziwa. Strobe ya amakaniko a magalimoto ndi yomweyo. Ipatseni batire yakeyake ya galimoto, yoika pansi, musaitengere pa njinga, ndiye nkhani ya positive earth siikukhudzani. Kachipaniro kake kaikeni pa waya wa pulagi iliyonse mwa awiriwo. Ngati strobe ili ndi kozunguza madigiri, kakhale pa 0. Ngati imawerenga liwiro la injini, iikeni pa two-stroke, apo ayi ikuonetsani kawiri liwiro lenileni chifukwa moto ukuyaka pa kuzungulira kulikonse.

Chitani m'mawa kusanatenthe, pamthunzi kuti mzere uoneke, muli awiri. Lizani injini mphindi 4 kapena 5 ifunde. Pa silo mzere uoneka utadutsa kolozera patali ndithu, mbali imene rotor ikulowera. Mnzanu akamawonjezera mafuta, mzere uzibwerera kuyandikira kolozera. Bokosi limeneli limapitiriza kufulumizitsa moto mpaka pamwamba, choncho musaweruze pa 2,500 kapena 3,000. Kwezani mpaka 4,000 kulowera 5,000, pamene mzere wasiya kuyenda, masekondi ochepa chabe, n'kutsitsa. Pamenepo uyang'anane ndi kolozera. Ya 1970 imapumira mu primary, ndiye oyilo adzakuwazani kumaso, valani magalasi.

Posintha zimitsani injini, masulani pang'ono mabawuti a puleti. Kuizunguza mobwerera, mosemphana ndi wotchi, kumafulumizitsa moto. Monga wotchi kumachedwetsa. Camshaft imayenda theka la liwiro la crankshaft, choncho digiri imodzi pa puleti ndi awiri pa injini, sunthani pang'ono kwambiri. Timipata tikatha mzere usanafike, musakulitse ndi fayilo. Bwezerani puleti pakati, masulani rotor, yambiraninso. Mzere ukamavina osakhazikika, yang'anani rotor yomasuka, earth, kapena waya wa ku puleti woduka m'kati mwa chikopa chake.

Namwera_Road

Za CDI ya kabaza, bambo, iwalani. Ya mtundu wa AC imafuna koyilo yakeyake m'kati mwa magneto yoipatsa magetsi okwera, ndi ka pickup kowerenga chotupa cha pa flywheel. Triumph ilibe zonsezo, alternator yake ndi ya mawaya awiri otchajira batire basi. Ya DC nayo imafunabe pickup, ndi ya negative earth, ndipo kafulumizidwe kake ka moto anakapangira injini ya 125 kapena 150cc. Kiti muli nayo kale ndi yopangidwira injini yanu. Zina zodziwika za njinga zimenezi ndi Pazon ya ku New Zealand ndi Tri-Spark ya ku Australia, koma mawaya ndi katcheredwe kake n'kosiyana, malangizo a ina musawatengere pa inzake.

Pamene ndikusiyana ndi Che Sipanala ndi pa 38 peniyeniyo. Nambala imeneyo inalembedwera petulo wamphamvu wa ku England wa masiku amenewo ndi nyengo yozizira. Kuno injini yoziziritsidwa ndi mphepo ikuyenda mu mpweya wotentha kale. Petulo wathu ndi wosakaniza ndi ethanol wa ku Dwangwa ndi ku Chikwawa. Ethanol payekha salimbikitsa kugogoda, koma pa jeti yomweyo amachepetsako mafuta poyerekeza ndi mpweya, injini n'kumatentherapo. Ndiye pakabwera kusowa kwa mafuta, anthu amathira a m'zigubu a m'mbali mwa msewu, amene simudziwa kuti munalowa chiyani. Injini imeneyi ikamagogoda nthawi yaitali imaboola pisitoni pakati. Madigiri awiri amene mwasiya simudzawamva pa mphamvu, koma amakupatsani malo othawira. Ine ndinganene 36.

Kuchita kwake n'kosavuta. Rotor ya alternator ndi ya 74 mm m'mimba mwake, ndiye m'mphepete mwake digiri imodzi ndi pafupifupi 0.65 mm. Pa 36, pa liwiro lapamwamba lija, mzere wa 38 uoneke utadutsa kolozera ndi 1.3 mm mbali imene rotor ikulowera. Kapena, chimbale cha madigiri chikadali pomwepo, lembani mzere wachiwiri wa 36 ndi penti yamtundu wina.

Musapyole pamenepo poganiza kuti kuchedwetsa n'kuteteza. Moto ukachedwa kwambiri mafuta amamalizira kuyaka potuluka, mavavu a ekizozi amapsa, mapaipi amasanduka abuluu mpaka pansi pa chopindika, njinga imakhala yaulesi.

Kuyesa kwake ndi msewu. Injini itatentha bwino, giya yomaliza, liwiro la 50 kapena 60 km pa ola, tsegulani mafuta kwambiri pa chitunda. Mukangowoloka mlatho wa Bakili Muluzi n'kuyamba kukwera, malo ake alipo ambiri. Mukamva kulira ngati timiyala tikugubuduzika m'chitini, tsekani mafuta nthawi yomweyo, tsitsani giya, mukachedwetse digiri imodzi. Zikapitirira pa 35, vuto si taimingi. Onani kabuleta ngati siikuyamwa mpweya pa flange, pomangira kabuleta ku injini, chifukwa ma Amal amapindika anthu akalimbitsa manati kwambiri, ndiponso mwaye wodzadza pa mapisitoni.

Wa_ku_Mpondasi

Zikomo kwambiri akuluakulu. Ndi positive earth ndithu. Ndayeza ndi mita ndisanaike kiti. Batire itagona usiku ikuwerenga 12.2V. Ndikatsegula kiyi, pa waya woyera wa ku makoyilo pakufika 10.9V. Injini ikulira pa 3,000 nyale yoyaka, pa batire pali 12.6V. Makoyilo akale 3.6 ohms iliyonse, a 6V ndaitanitsa. Puleti yatsopano, pakati pa mawaya ake awiri, 131 ohms. Mzere wa pa rotor ukugwirizana ndi kampata ka pa flywheel, rotor siikusewera. Ndipitirize kuika, kapena manambala a magetsiwa ali ndi vuto?

Mkulu_wa_Mawaya

Puleti ili bwino, tikoyilo take timawerenga pafupifupi 66 ohms kalikonse, pamodzi 132. Lembani nambala imeneyo m'kati mwa chivundikiro cha m'mbali, tsiku lina idzakuthandizani panjira.

Koma magetsiwo konzani kaye, achimwene. Mapointi amapirira batire yofooka, bokosi silipirira. Mabokosi akale a mtundu umenewu magetsi akatsika cha ku 10V ankafulumizitsa moto mopitirira, kiki n'kubwerera ndi mphamvu yoti n'kuvulaza phazi. MKIV anaikonza kuti izipirirako, komabe 10.9 injini isanalire n'komwe ndi poyambira poipa.

Pali zinthu ziwiri zosiyana apa. Choyamba, pakati pa batire ndi waya woyera pakutayika 1.3V, pamene sipayenera kupitirira 0.5. Pezani potayikira ndi mita yomweyo, kiyi ali wotsegula: ikani nsonga imodzi mbali iyi ya fyuzi, ina mbali inayo, muwerenge. Chitani chimodzimodzi pa swichi ya kiyi, ndi pa timfundo tonse tolumikizira tija tokhala m'timachubu ta labala. Pamene mita yawerenga chokwera mpamene pali dzimbiri. Kawirikawiri ndi chogwirira fyuzi ya galasi, sipuling'i yake ikafooka. Chotsani, ikani chogwirira fyuzi ya magalimoto. Apa chenjerani ndi nambala: 35A yolembedwa pa fyuzi zakale za ku Britain ndi imene fyuzi imaduka nayo, si imene imanyamula. Ya masiku ano ikani ya 15A kapena 20A. Mukaika ya 35A mawaya adzapsa fyuzi ikadali yamoyo. Swichi ikakhala yotha ndipo ina palibe, ikani relay wamba ya galimoto ya mapini anayi: swichi izingoyatsa relay, bokosi lizilandira magetsi molunjika kuchoka ku batire kudzera pa fyuzi.

Chachiwiri ndi kutchaja. Batire yodzadza itapuma imawerenga 12.6 kapena 12.7V, yanu pa 12.2 ili ngati theka. Ndipo pa 3,000 muyenera kuona pakati pa 13.5 ndi 14.5V, osati 12.6. Yambani ndi kutchaja batire padera, musiye usiku, muyezenso. Ikabwerera pansi yatha, kutentha kwa kuno kumapha mabatire msanga, makamaka a madzi akauma. Kenaka masulani mawaya awiri a alternator, lumikizani babu ya nyale ya kutsogolo ya galimoto pakati pawo, lizani injini ndi batire. Babu iwale kwambiri mukangokweza pang'ono, osakweza kwambiri chifukwa ipsa. Ikangofiira, maginito a rotor afooka kapena stator yatha. Mpata wa pakati pa rotor ndi stator ukhale 0.2 mm kuzungulira konse, feeler gauge idutse paliponse. Alternator ikakhala bwino, otsala ndi rectifier, yosandutsa magetsi a alternator kuti alowe mu batire, ndi Zener, yotayira magetsi opitirira ku earth, imene ili pa chitsulo cha zipsepse pansi pa nyale. Zener ikayamba kutayira magetsi ku earth isanafike nthawi, batire sidzadza. Ziwirizi mutha kuzichotsa n'kuika regulator imodzi ya makono ya single phase, ya mawaya anayi, yoti chikopa chake sichilumikizana ndi waya uliwonse. Wofiira wake upite ku earth, wakuda ku waya wa moto. Za kabaza zambiri sizinganyamule ma watt 120 a alternator imeneyi, ndipo zina earth yake ili pa chikopa.

Mukamaliza kuika kiti, yesani musanamenye kiki. Mapulagi onse awiri akhale m'makapu awo, atagona pa mutu wa injini, chitsulo chikukhudza chitsulo. Gap 0.6 mm. Musayese moto kapu ili lende m'malere, magetsiwo akasowa kodumphira amaboola koyilo m'kati. Tsegulani kiyi n'kutseka, mapulagi onse athetheke. Kenaka masulani mawaya awiri a ku puleti, kiyi wotsegula, khudzanitsani a mbali ya ku bokosi n'kuwalekanitsa, moto uoneke. Ukaoneka apa koma osaoneka pomenya kiki, bokosi ndi makoyilo zili bwino, vuto lili ku puleti, ku mawaya ake, kapena rotor siikuzungulira. Bokosilo limadula lokha magetsi a ku makoyilo injini ikaima masekondi angapo, ndiye mita ikasonyeza kuti makoyilo sakukoka kanthu, si kuti lapsa.

Che_Sipanala

Pa 36 sinditsutsa, bola mzere wa 38 ukhale wotsimikizika kaye monga mwachitiramu, kuti muzidziwa pamene mukuchokera. Kuchedwetsa mwa kumva ndi khutu popanda mzere ndiko ndimakana.

Mawaya a pa puleti asakhale okokeka, asiyeni ndi kauta pang'ono m'chipindamo, muwamange ndi kachingwe kapulasitiki pa puleti pomwepo. Injini imeneyi imanjenjemera, ndipo waya umadukira m'kati pafupi ndi mfundo, kunja ukuoneka wathunthu. Chizindikiro chake ndi njinga yolira bwino pa silo koma yodula pa liwiro limodzi lomwelo nthawi zonse. Poyesa, ikani mita pa ma ohms 132 aja, mukokekoke mawaya ndi zala, nambala ikadumpha mwaupeza. Bowo lotulukira mawaya pansi pa chipindacho musalitseke lonse ndi silikoni, madzi a mvula kapena otsukira akalowa azipeza potulukira. Mukabweza kachivundikiro onetsetsani kuti sikakupana waya kapena kukhudza mfundo za pa puleti.

Silo idzasintha mukachoka ku mapointi, choncho kabuleta muitchere pomaliza, taimingi itatha, injini ili yotentha. Mukayenda makilomita 100 oyamba tsegulaninso, yesani bawuti ya rotor ndi sipanala, muunikenso ndi strobe. Taper yatsopano imakhazikika ikatentha n'kuzizira kangapo, ndipo ngati rotor ingaterereke, imaterereka masiku oyamba omwewo.